Pule Yopepuka ya a Harawa

Dokotala wa maso ankabwera ku chipatala cha mishoni ku Khondowe kamodzi pachaka, ndipo chaka chimenecho anati akhala tsiku limodzi lokha, Lachisanu, dzuwa likapendeka azipita. A Hezron Harawa, msodzi wakale wa kufupi ndi Chiweta, anali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Ankangosiyanitsa usana ndi usiku. Mwana wawo Overton anawanyengerera miyezi yambiri kuti akachitidwe opaleshoni, ndipo pomaliza anavomera, koma anaikapo mawu.

"Ndikwera kamodzi kokha. Galimoto yako ikakanika phiri ngati chaka chatha, titembenuke, ndipo za maso usadzanditchulirenso."

Chaka chathacho, Overton atabwera kudzacheza kumudzi, galimotoyo inathera mphamvu pakati pa Gorodi, msewu wamakona wokwera kuchokera kunyanja kupita ku Khondowe. Mkuluyo anatsitsidwa, nakhala pamwala dzuwa likumuwotcha, anthu odutsa akumufunsa mafunso, mpaka onse anabwerera kumudzi.

Overton ankaphunzitsa sayansi pasekondale ina pafupi ndi boma la Rumphi. Anali atangobwera kumene kuchokera ku Dedza, boma litalamula kuti aphunzitsi onse azikaphunzitsa kuchigawo chakwawo. Anabwera ndi mabuku, galimoto yakale yobiriwira imene ana asukulu anaitcha Kamba, ndi mkazi wake Phyllis, amene iye ankamuitana kuti Nambewe, namwino wa ku Dedza komweko amene kale ankagwira ntchito mu wodi ya odwala maso.

Nzeru yoonjezera mphamvu ya galimotoyo inachokera m'magazini ya galimoto zampikisano imene mmishonale wina anaisiya mulaibulale. Overton anaiwerenga ali patebulo, chakudya chikuzizira.

"Nambewe, tamvera. Kutsogolo kwa injini kuli kagudumu kachitsulo, pule, kamene kamakoka lamba woyendetsa fani ndi mpope wa madzi. Injini imawononga mphamvu pozunguza chitsulo cholemeracho. Ukaikapo pule yopepuka, mphamvu ija imapita kumatayala."

"Mphamvu yochuluka bwanji, aphunzitsi?"

"Yocheperako. Koma chaka chatha tinalephera ndi pang'ono pokha."

"Pang'ono pake pamene munayenda chobwerera m'mbuyo mpaka pansi paja?"

"Iwe kunalibe."

"Munandiuza nokha. Idyani."

Pule yotere sinkagulitsidwa ku Rumphi, ku Mzuzu ngakhale ku Blantyre. Koma ku Bolero kunali a Amock, osula mapoto. Ankasungunula zidutswa za aluminiyamu, mapisitoni akutha ndi mapoto obooka, n'kuthira m'chikombole chamchenga. Overton anaganiza kuti munthu wotha kuumba chivundikiro cha poto angathenso kuumba kagudumu.

Kuchotsa pule yakale inali ntchito ya tsiku lathunthu. Bawuti yapakati inali isanamasulidwepo chipangidwire galimoto. Akaikoka ndi sipanala, injini yonse inkangozungulira nayo. Ndiye anaika galimoto mugiya, nakhazika Phyllis pampando wa dalaivala kuti aponde mabuleki ndi mapazi onse awiri, iye n'kulowetsa paipi yaitali kusipanala.

"Ponda!"

"Ndaponda kale!"

"Ponda chomene!"

"Mukandiyankhula Chitumbuka mwendo sukula ayi."

Bawuti inalira ngati mbale yosweka, Overton nagwa chagada muudzu, paipi ili m'manja. Anadzuka akuseka, chigongono chikutuluka magazi, ndipo Phyllis anamumanga bandeji kwinaku akumukalipira.

A Amock analandira pule ija ndi manja awiri, naitembenuza, naigogoda ndi chikhadabo, nafunsa mphunzitsiyo akumutchula m'Chitumbuka.

"Imeneyi yatani, asambizgi? Yathyoka pati?"

"Sinathyoke. Yangolemera."

"Yalemera. Galimoto yadandaula?"

"Ndikufuna ina yofanana nayo, koma ya aluminiyamu."

"Yewo. Chogwirira tiike mbali iti?"

Anaseka onse awiri. A Amock anadinda pule yakale mumchenga wonyowa kuti isiye maonekedwe ake, nathiramo aluminiyamu wowira. Itazizira inatuluka yotuwa, yokhakhala, komanso yocheperako pang'ono kuposa inzake, pakuti chitsulo chimafota chikamazizira. Overton anapita nayo kugalaja ina ya paboma kumene kunali makina osemera zitsulo, kuti akaisalaze ndi kukonza ngalande yodutsamo lamba. Makinawo anadyanso mbali ina. Ataona kuti ikuwala bwino, anapempha kuti aiseme kachiwiri. Magazini inanena kuti pule yaing'ono ndiye yabwino koposa, chifukwa imazunguza fani ndi mpope pang'onopang'ono, injini n'kupuma. Magaziniyo inalembedwa kudziko kumene madzi amaundana m'rediyeta, ndipo pachithunzi chake panali msewu wosalala ngati tebulo. Zimenezi Overton anaziona, koma maso ake anali pa manambala.

Anaibweretsa kunyumba ataikulunga m'nyuzipepala. Anayeza ziwirizo pasikelo ya kukhitchini, kenaka anamupatsa Phyllis kuti amve yekha.

"Kusiyana kwake kuli ngati paketi ya shuga," anatero Phyllis.

"Paketi ya shuga yozungulira, Nambewe. Si zofanana."

Anaiika madzulo a tsiku lomwelo. Anapaka girizi, nalunjikitsa kampata ka pule ndi kachitsulo ka pa shafuti, naigogoda pang'onopang'ono ndi mtengo kuopa kuiphwanya. Lamba wakale anakhala wolendewera, ndiye anakankhira dainamo kumapeto kwenikweni kuti akungike. Ataliza injini, inadzuka msanga kuposa kale. Akaponda mafuta inkayankha nthawi yomweyo, ngati mwana wokhala kutsogolo m'kalasi. Anaiyendetsa mumsewu wafulati wa ku Bolero, mawindo ali otsegula, nabwerako nkhope ikuwala.

"Wamva? Wamva kulira kwake?"

Phyllis anamva. Inkaliradi mosiyana, ndipo sanafune kumulanda chimwemwe munthu amene chibwerere kumpoto sankagona bwino.

Lachisanu analawira, natsika phiri la Chiweta kusanatenthe. Panjira anyamata a chipani anawaimitsa kuti aone makadi, nawalola kupita. Atafika kumudzi anapeza a Hezron atakhala kale pakhonde, atavala jekete yakutchalitchi, ndodo ili pakati pa miyendo.

Phyllis anagwada chapatali, naomba m'manja, osatulutsa mawu. Kubanja la a Harawa mkamwana, mkazi wa mwana, sayankhula ndi apongozi ake aamuna mpaka iwo atamupatsa mphatso yomutsegula pakamwa. Ukwati unachitikira ku Dedza, amayi a Overton amene akanakonza zimenezi anali atamwalira, ndipo mwambowo unangokhala ukudikira. Choncho chilichonse chimene Phyllis ankafuna kuuza mkuluyo chinkadzera mwa Overton, ngakhale atatuwo atakhala pamphasa imodzi.

"Afunseni adada ngati adya kanthu."

"Adada, akuti mwadya?"

"Umuuze mkamwana kuti ndamwa tiyi."

"Akuti amwa tiyi."

"Ndamva, aphunzitsi."

Kenaka kunayamba kubwera katundu. Munthu sapita ku Khondowe chimanjamanja, ndipo mphatso ikafika pagalimoto sibwezedwa. Azakhali a Overton, a Edina, anabweretsa nkhuku yomanga miyendo, dengu la usipa ndi ufa wa kondowole. Mnansi wina anabwera ndi mkoko wa nthochi. Pomaliza kunatulukira asodzi awiri achikulire, anzawo a Hezron, atanyamulizana matumba atatu osokedwa bwino kukamwa, mitsempha ili njo m'khosi.

"Zimenezi n'za yani?" anafunsa Overton.

"Mpunga wa abusa," anayankha a Hezron. "Ndinalonjeza."

"Adada, galimoto ndi yaing'ono. Sitingawatumize tsiku lina?"

"Ukufuna ndikalowe pamishoni ngati wakuba? Paja unati waikonza."

Overton anayang'ana matayala akumbuyo akulowa pansi pa bodi. Anali atachotsa paketi ya shuga kutsogolo, ndipo abale ake anali ataika ng'ombe kumbuyo. Anatsegula pakamwa, naona azakhali akumuyang'ana, natseka.

A Hezron anakhala kutsogolo, nkhuku ili kumapazi kwawo. Phyllis anakhala kumbuyo pakati pa nthochi ndi usipa. Pamene ankakhota pa Chitimba kuyamba Gorodi, dzuwa la Okutobala linali litakwera kale.

Makona oyamba galimoto inawadutsa mwamphamvu, miyala ikuthawa kumatayala.

"Mukumva, adada? Pule imeneyo."

"Ndikumva phokoso."

Atakwera ndithu, kamuvi kosonyeza kutentha kanayamba kusendera kofiira. Overton anakaona, nachepetsa mafuta kuti injini ipume, ndipo kamuvi kanakwera msanga kuposa poyamba. Anadutsa kona ina, kenaka ina, galimoto ikunjenjemera. Pakona yotsatira panamveka mluzu pansi pa boneti, nthunzi yoyera inaphimba galasi, injini inatsokomola n'kuzima. Anakoka handibuleki, nadumpha kukaika miyala kumatayala.

Madzi ankabwata m'rediyeta.

"Yakana," anatero a Hezron. Mawu awo anali ofewa, pafupifupi okondwa. "Palibe kanthu, mwana wanga. Wayesetsa. Ikazizira utembenuze."

"Yangotentha chabe, adada."

"Tinapangana."

Overton anatsegula boneti ndi nsanza. Pule yake inali pamalo pake, ikuwala, yosasweka, yosagwedera. Anaiyang'ana nthawi yaitali, nayang'ananso fani ndi mpope wa madzi, ndipo zimene anawerenga zija zinamubwerera mwadongosolo lake lenileni. Pule yaing'ono imazunguza fani pang'onopang'ono. Pamsewu wafulati mphepo imaziziritsa yokha. Paphiri, galimoto ikuyenda ngati munthu wapansi, palibe mphepo, pali fani basi, ndipo fani ija iye anaiphunzitsa ulesi ndi manja ake.

Anapita kubuti kukatenga chigubu cha madzi. Chinali pansi pa matumba a abusa. Anagwira thumba loyamba kuti alisunthe, ndipo silinasunthe. Anakulira kunyanja, ankadziwa kulemera kwa thumba la mpunga, ndipo ili linali lina. Analipapasa. Pamwamba panali pofewa, koma pansi panali zinthu zolimba, zozungulira. Anang'amba ulusi pang'ono ndi kiyi, nalowetsa dzanja. Pansi pa mpunga wochepa panali mchenga wakunyanja ndi miyala yosalala, ija asodzi amamangirira kumaukonde kuti amire.

Anakodola Phyllis ndi dzanja. Iye anatsika, nasuzumira m'thumba, nagwira pakamwa.

"Ine sabata zonsezi ndikupepukitsa galimoto," ananong'ona Overton, "iwo akutolera miyala. Ndikawafunsa pompano."

"Mukawafunsa chiyani? Muwachititse manyazi pamsewu?"

"Nanga andipusitsiranji? Akanangonena kuti sakufuna."

"Akuopa, aphunzitsi. Munthu wamkulu ngati uja anganene kwa mwana wake kuti ndikuopa?"

Overton anakhala pabampala. Pansi patali nyanja inkanyezimira, ndipo pamwamba pawo msewu unkapitirira kupindika m'mitengo. Dzuwa linali pafupi kufika pamutu.

Phyllis anapita kukaima pafupi ndi khomo la mkuluyo, atatembenukira kumbali, nakweza mawu.

"Aphunzitsi, auzeni adada kuti opaleshoni ya ng'ala ine ndaionapo kambirimbiri."

Overton anabwera, nayeretsa kukhosi. "Adada, akuti opaleshoniyi ndi yosavuta. Mkati mwa diso muli kagalasi kamene kamasonkhanitsa kuwala. Kagalasiko kakachita mtambo, kuwala kumabalalika, ndiye dokotala amangoti..."

"Wanena zimenezo mkamwana?"

"Ndikufotokozera bwino lomwe."

"Iye wanena mawu ochepa, iwe wabweretsa buku lonse. Unaonapo diso likudulidwa iwe?"

"Ayi, koma..."

"Ndiye khala chete."

Mkuluyo anasisita mutu wa ndodo yake. Kenaka anawerama, napapasa kumapazi mpaka anagwira miyendo ya nkhuku. Inakupiza mapiko, nthenga zikuuluka m'galimoto. Anaitulutsa pawindo, ataloza kolakwika pang'ono.

"Mkamwana, uli kuti? Landira iyi. Si mmene zimayenera kuchitikira, pamafunika azimayi ndi mphasa, koma landira. Kuyambira lero uziyankhula nane."

Phyllis anagwada pamiyala ya mumsewu, naomba m'manja, nalandira nkhuku ndi manja awiri.

"Yewo, adada. Yewo chomene."

"Eya, mawu ako ndi amenewa. Sendera kuno. Iwe Overton, pita ukaone injini yako."

Overton anapita kutsogolo kwa galimoto, koma boneti sitchinga makutu. Anamva bambo ake akuyamba kuyankhula.

"Andrea wa ku Mlowe anandiuza kuti amakolowola diso lonse, n'kuliika m'mbale, n'kulitsuka. Akuti lina limagwa pansi."

"Ayi, adada. Diso silichoka m'malo mwake. Amacheka pang'ono m'mbali, n'kutulutsa ng'ala yokhayo. Ndi kakang'ono ngati njere ya nyemba."

"Zimawawa?"

"Jakisoni woyamba amawawa, sindikunamizani. Ngati mavu akulumani pafupi ndi diso. Akatha ameneyo simumvanso ululu, mumangomva anthu akuyankhula ndi tizitsulo tikulira."

"Ndili maso?"

"Muli maso. Chachikulu n'kusagwedeza mutu."

"Ine ndakhalapo m'bwato usiku wonse osagwedezeka." Anatembenukira kwa Phyllis. "Onse amaona akatero?"

"Ambiri amaona. Amakupatsani magalasi okhuthala, osakongola. Ena ochepa saona, amatsala mmene analili."

"Mmene ndililimu."

"Inde, adada."

"Osati kuposa apa?"

"Zimachitika, koma mwa apo ndi apo. Ine ndinaonapo mmodzi yekha."

Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Zinkaoneka kuti mmodzi uja anamukhazika mtima pansi kuposa ambiri aja.

"Iwe udzakhala kuti nthawi imeneyo?"

"Ndikawapempha kuti ndilowe nanu. Yunifomu ndatenga. Akandilola, ndikagwira dzanja lanu mpaka atamaliza."

"Akakana?"

"Ndikaima pakhomo, muzikandimva ndikukangana nawo."

A Hezron anaseka, kuseka kwaufupi kotulukira m'mphuno. Anapukuta nkhope ndi kansalu, nakonza kolala ya jekete.

"Overton!"

"Adada."

"Matumba aja a abusa. Ndaganiza kuti abusa sakuwafuna msanga. Uwatsitse, akhale pambali pa msewu."

"Onse atatu?"

"Onse. Ndipo usawatsegule, ndi za eni ake."

"Sinditsegula, adada."

Anawagubuduza limodzilimodzi iye ndi Phyllis mpaka m'mphepete mwa msewu, ndipo kumbuyo kwa galimoto kunadzuka ngati munthu wotula mtolo. Koma miyala inali theka chabe la vuto. Theka linalo linali lake, ndipo pule yakale inali kutali ku Rumphi. Anadikira rediyeta izizire, naithira madzi onse a m'chigubu, Phyllis nakatunganso ena pakamtsinje kotsika m'thanthwe. Kenaka Overton anatenga sipanala, namasula mabawuti a boneti, naichotsa yonse kuti injini ipume mphepo. Anaiimika kuseri kwa matumba aja.

"Ukuphwasula galimoto?" anafunsa a Hezron atamva chitsulo chikukhudza pansi.

"Ndikuivula jekete, adada. Fani ikuzungulira pang'onopang'ono. Ndinalakwitsa ndi pule ija."

"Ija unkainyadira?"

"Yomweyo."

"Hm. Nanga tsopano?"

"Tikwera ndi giya yoyamba yokhayokha, injini ikulira kwambiri kuti fani ithamange. Muzimva ngati ikufuna kuphulika. Musaope."

"Ndani wanena za kuopa?"

Anakwera chomwecho. Galimoto inkakuwa ngati chigayo, ikuyenda liwiro la munthu wothamanga pang'ono, injini ili pamtunda, pule ikunyezimira padzuwa. Azimayi otsika ndi mitolo ya nkhuni anapatuka n'kuima kuonerera. Kamuvi kakafika pofiira Overton ankaima pamalo athyathyathya, Phyllis n'kutsika ndi chigubu kuwaza madzi parediyeta, nkhuku yake itapanidwa m'khwapa chifukwa inali itamasula mwendo umodzi. Nthawi zonsezi a Hezron sanatchulenso zotembenuka. Ankangofunsa mkamwana wawo mafunso, limodzi pambuyo pa linzake, ngati munthu amene wapeza chitsime: ngati adzaloledwa kudya, ngati bandeji imakhala masiku ambiri, ngati kwawo ku Dedza kulidi anthu amene sanaonepo nyanja.

Pamene matayala anagwira msewu wafulati wa pamwamba, pakati pa mitengo ya paini, dzuwa linali litayamba kupendeka. Pakhonde la chipatala panali patatsala anthu owerengeka pabenchi, ena atamangidwa kale diso limodzi. Galimoto ya dokotala inali ikadali pamthunzi, dalaivala wake akugona m'kati.

Overton anazimitsa injini, nathamanga kukatsegula khomo la bambo ake. Anawagwira mkono kuti awatsogolere.

"Iwe tsala," anatero a Hezron. "Manja ako akununkha girizi, ungandidetsere jekete. Gwira nkhuku ya mkamwana."

Phyllis anamupatsira nkhukuyo, napukuta manja pachitenje, napereka mkono wake kwa mkuluyo. Anayenda pang'onopang'ono kulowera kukhonde, iye akuwauza pamene pali sitepe. Mlembi wa pakhomo anafunsa dzina, ndipo a Hezron analitchula okha, mokweza, asanafunsidwe kachiwiri.